Chikole Chabwerera pa Njinga ya a Harold

Sabata imene Ireen Nasiyaya, wogwira ntchito m'boma, amayenera kukhala akuyesa diresi ya chinkhoswe, boma linamutsekera m'chipinda cha loji ina pa Mulanje boma pamodzi ndi nthumwi za maiko anayi oyandikana. Nkhani inali imodzi koma yolemera: kodi makampani a dziko lina aziloledwa kupikisana nawo pa makontrakiti a boma la dziko linzawo? Kunena mosazungulira, boma la Malawi likafuna mabedi a m'chipatala kapena madesiki a m'sukulu, wa ku Mozambique azibwera ndi mtengo wake, ndipo a kuno nawo azikayesa mwayi kwawoko.

Pa pepala zinali zokoma. Koma pa Chonde, pomwe Golden, chibwenzi cha Ireen, ankakhoma madesiki a sukulu za boma ndi amisiri ake asanu ndi awiri, nkhaniyi inamveka ngati uthenga wa maliro.

Chinkhoswe chinali Loweruka lomwelo ku Thuchila, kwawo kwa Ireen. Chikole Golden anali atapereka kale: kabokosi ka mkungudza kamene anapala yekha kuchokera ku chitseko chakale cha nyumba ya ku esiteti, mkati muli mphete. Ireen ankayenda nako m'chikwama, moti mapepala ake onse a ntchito ankanunkhira mkungudza.

* * *

Lachiwiri zokambirana zinaweruka msanga, ndipo Ireen anakwera minibasi kupita pa Chonde. Asanafike n'komwe pa shopu, mtima unamuwawa. Pakhomo panali pikapu yoyera ya manambala a ku Mozambique.

Mwini wake anali Brenda, mwana wa mkulu wina wa fakitale ya mipando ku Milanje, kutsidya kwa malire. Brenda ankagulitsa matabwa kwa Golden, koma aliyense pa Chonde ankadziwa kuti matabwa safuna kuperekezedwa ndi pafyumu wochuluka choncho. Anali atakhala pa desiki yatsopano, miyendo atapingasa.

"Aa, afika a boma," anatero Brenda akumwetulira. "Mwaswera bwanji, bwana? Mwatitsegulira kale chitseko kapena tidikirebe panja?"

Ireen anangomudutsa. Anayang'ana Golden, amene anali ndi utuchi mpaka m'nsidze.

"Tiye kuseri," anatero.

Kuseri kwa shopu Golden sanadikire ngakhale moni.

"Wailesi inanena dzulo. Ati pofika Lachisanu musainirana. Ndiuze, Ireen, madesiki alimo?"

"Sindingakuuze. Ndinalumbira kuti za m'chipinda muja sizituluka mpaka zitatha."

"Unalumbira kwa ndani? Nanga kwa ine sunalumbire?"

"Golden, usasakanize zinthu."

"Ndikusakaniza ine? Bambo a Brenda ali ndi makina odula matabwa zana ine ndisanamalize kunola sowo. Akalowa pa tenda, ine ndikhoma chiyani, mabokosi a maliro? Anthu asanu ndi awiri amadya pano. Iwe ukukhala m'chipinda chozizira, tiyi wa ulere m'manja, n'kumagawa ntchito yathu ngati ndiwo za pa ukwati!"

"Ndiye wayamba kale kufunsira nzeru kwa mwana wa mwini makinawo?"

"Iye bola akundiuza zoona. Ati bambo ake agule gawo lalikulu la shopu, makina akhale awo, manja akhale anga."

"Ndipo iwe wati chiyani?"

"Ndati ndidikira ndimve kwa mkazi wanga. Koma mkazi wangayo walumbira."

Ireen anaumitsa nsagwada. Zoona zake zinali pakhosi pompa, ndipo zinali zoti Golden akanazimva akanagwada pa utuchi pomwepo. Kwa miyezi isanu ndi itatu Ireen anayendera sukulu ndi mashopu a akalipentala m'maboma asanu, kusonkhanitsa umboni. Ndi iye amene analemba ndime yachisanu ndi chiwiri ya panganolo, yonena kuti madesiki a sukulu za boma azikhomedwa ndi mashopu amene eni ake ndi a m'dziko momwemo. Masiku awiri onsewa ankalimbana ndi amuna akuluakulu a masuti pofuna kuti ndimeyo isafufutidwe. Koma lumbiro ndi lumbiro, ndipo Ireen anali wouma mutu ngati mayi ake.

"Dikira Lachisanu," anatero. "Usasaine kanthu ndi munthu. Ndi zokhazo ndingakuuze."

"Basi?"

"Basi. Ngati masiku atatu akukulemera, banja udzalisenza bwanji?"

Anatuluka osatsanzika. Podutsa pakhomo anamva Brenda akuuza Golden mokweza dala kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

* * *

Amene anaphika tsoka anali a Bizwick, malume ake a Golden. Ndi iwo anamuphunzitsa kugwira pulena, ndi iwo anamusiyira shopu maso atayamba kufooka, ndipo ndi iwo anali nkhoswe yake. A Bizwick ankakhulupirira chinthu chimodzi moyo wawo wonse: ukakhala ndi m'bale m'ofesi, nkhani yatha. Atamva kuti mpongozi wawo ali m'gulu la okambiranawo, anadabwa kuti anthu akudandauliranji.

Lachitatu m'mawa anavala jekete ya ku tchalitchi, namangirira desiki imodzi pa njinga yamoto ya kabaza, ulendo wa ku boma. Pa geti la loji anauza mlonda kuti abweretsa katundu wa msonkhano, ndipo mlondayo, poona desiki ndi imvi, anawatsegulira.

Inali nthawi ya tiyi. Nthumwi zonse zinali pakhonde, makapu m'manja. A Bizwick anatsitsa desiki pakati pawo, naimenya ndi chikhatho kuti aliyense amve kulimba kwake.

"Apongozi!" anaitana. "Apongozi a ku Thuchila, muli kuti?"

Ireen anatembenuka, kapu ili m'manja.

"Eya, ndi amenewo. Apongozi, ine ndabwera kudzakukumbutsani. Loweruka mukulowa m'banja la akalipentala. Desiki iyi wakhoma ndi mwamuna wanu, ndipo ana amene mudzabereke adzadya za desiki yomweyi. Ife tikudalira inu muno. Alendowa musawapatse mpata ngakhale wa msomali umodzi. Mwamva?"

Anayankhula momasuka poganiza kuti alendowo sakumva. Anaiwala kuti Chichewa sichithera pa malire a Muloza. Mkulu wa nthumwi za ku Mozambique anakulira ku Tete, wa ku Zambia kwawo kunali ku Chipata, ndipo onse awiri anamva liwu lililonse. Anayang'anana, kenako anayang'ana Ireen.

Ireen anamva manyazi ndi ukali zikukwera pamodzi. Mwambo umati agwade, alandire chipewa cha mkuluyo, amufunse za kunyumba. Koma maso makumi anayi anali pa iye.

"Bambo," anatero ndi mawu owuma, "muno ine si mpongozi wa munthu. Ndabwera m'dzina la dziko, sindinatumidwe ndi banja lililonse. Tengani desiki yanu mutuluke."

A Bizwick anabwerera m'mbuyo modabwa. Bambo! Mwana amene anamuphera okha nkhuku mwezi wathawu, lero akuwatcha bambo ngati munthu wopempha njira. Alonda awiri anawaperekeza ku geti, wina atasenza desiki pamutu.

* * *

Masana Mayi Rosie Chimtengo, mtsogoleri wa nthumwi za Malawi, anaitanira Ireen m'chipinda chawo. Anali mayi wosakweza mawu, ndipo ndi chifukwa chake ankaopedwa.

"Anzathu adandaula," anatero. "Akuti ndime yachisanu ndi chiwiri si ya dziko la Malawi, ndi ya chibwenzi chako. Sindingawatsutse. Ndinamva ndekha."

"Mayi, ndimeyo ikuteteza mashopu mazana. Ndinailemba ndisanaganize n'komwe za tsiku la chinkhoswe."

"Ndikudziwa. Koma unayenera kundiuza kuti mwamunayo amakhoma madesiki a boma, ndipo sunandiuze. Tsopano njira ndi ziwiri. Utuluke m'zokambirana lero, ndipo ndimeyo ituluka nawe, chifukwa palibe wina pano angaiyankhire mafunso ndipo yadetsedwa kale. Kapena usaine fomu iyi."

Ireen anawerenga. Fomuyo inkati iye alibe ukwati, chitomero kapena lonjezo lililonse ndi munthu wopindula ndi makontrakiti amene akukambidwa, ndipo sadzakhala nalo mpaka panganolo litavomerezedwa ndi maiko onse.

"Zimenezi zitenga nthawi yayitali bwanji?"

"Miyezi isanu ndi umodzi. Mwina kuposa."

"Chinkhoswe changa chili Loweruka, mayi. Chikole chili m'chikwama umu. Sindingasaine bodza."

"Sindinakupemphe bodza," anatero Mayi Chimtengo. "Ngati ukufuna kusaina, chipange kukhala choona. Mawa eyiti koloko ndifuna yankho, ndipo mafoni onse adzasiyidwa pakhomo mpaka titamaliza."

Ireen anatuluka. Anakwiyira a Bizwick, anakwiyira fomu, anadzikwiyira yekha. Koma nzeru yake inali itawerenga kale njira: akasunga chinkhoswe, shopu ya Golden ifa chaka chisanathe. Akachiimitsa, shopu ikhala, ndipo chinkhoswe sichiola, chikhoza kudikira.

* * *

Anaimba foni kanayi. Kachisanu Golden anayankha.

"Ukufunanso chiyani?"

"Golden, ndimvere kaye. Pali chinthu ndiyenera kuchita mawa, ndipo ndikufuna uchimve kwa ine."

"Amalume afika kuno akunjenjemera. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, kumutulutsa ndi alonda ngati wakuba! Unawatcha chiyani, Ireen? Tanena, unawatcha chiyani?"

"Ukudziwa zimene anachita iwowo? Anandivula pamaso pa maiko anayi! Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu anaithira madzi ndi pakamwa pawo!"

"Ntchito, ntchito, ntchito. Unanena wekha kuti si iwe mpongozi wa munthu. Anthu onse anamva."

"Ndinanena kuti muno, m'chipinda muja!"

"Ndiye kuti ubale wathu uli ndi maola ake ngati banki? Umatseka eyiti, n'kutsegula faifi?"

"Golden, ukapitiriza kukuwa sumva chimene ndakuimbira."

"Ndamva zokwanira. Zikomo, bwana."

Foni inaduka. Ataimbanso inali yozimitsa. Analemba mauthenga atatu aatali pa watsapu, osatchula za ndimeyo koma kufotokoza kuti chinkhoswe chiyenera kudikira ndipo chikondi chake sichinasinthe. Onse atatu anangokhala ndi kachizindikiro kamodzi, osafika.

* * *

Dzuwa lisanalowe Ireen anali ku Thuchila. Azimayi anali atayamba kale kuviika chimera cha thobwa la Loweruka, ndipo anamulandira ndi nthungululu zimene zinamubaya mumtima. Anapita molunjika kwa a Harold, mlongo wa mayi ake, nkhoswe yake.

A Harold anali kapitawo pa esiteti ya tiyi kwa zaka makumi awiri, ndipo ngakhale anapuma, ankayendabe ngati pali anthu oti awalembe mochedwa. Iwo ndi a Bizwick sankamwerana madzi kuyambira tsiku loyamba la zokambirana za banjali, pamene a Bizwick ananena kuti mwana wawo sangapite chikamwini ku Thuchila chifukwa kulibe magetsi okwanira makina.

Ireen anagwada, nafotokoza zonse zimene lumbiro limamulola. Kenako anaika kabokosi ka mkungudza pa mphasa.

"Chikole sichibwezedwa ndi mwini wake, chimadzera mwa ankhoswe. Ndiye ndikupemphani, amalume, mukachipereke mawa m'mawa. Koma mukanene mawu atatu. Loyamba, sindikumukana Golden, ndikungoimitsa kwa miyezi ingapo chifukwa cha lamulo la ku ntchito. Lachiwiri, kabokosika akasunge iye mwini, ndidzakatenganso ndekha. Lachitatu, asasaine kanthu ndi anthu a ku Milanje mpaka Lachisanu madzulo."

"Ndamva."

"Tabwerezani, amalume."

A Harold anakwinya nkhope.

"Iwe mwana, ine ndinkasunga m'mutu maina a anthu mazana awiri othyola tiyi, aliyense ndi mzere wake. Ndiiwale mawu atatu?"

"Pepani. Koma a Bizwick akakuputani, musayankhe."

"Amene uja? Ndimuyankhe ine? Ndilibe nthawi."

Ireen anabwerera ku boma mtima utatsikako pang'ono. Akanakumbukira kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, bwenzi atapita yekha. Lachinayi eyiti koloko anasaina fomu, nasiya foni m'dengu la pakhomo, nalowa.

* * *

A Harold anafika pa Chonde cha m'ma naini, kabokosi atakakulunga m'nsalu n'kukamanga kumbuyo kwa njinga. Njira yonse ankabwereza mawu atatu aja, ndipo kunena zoona sanaiwale ngakhale limodzi.

Anapeza a Bizwick atakhala pakhonde la shopu, Golden ataima pakhomo, amisiri akupala matabwa mkati.

"Odi kuno."

"Eya," anatero a Bizwick osadzuka, osapereka ngakhale mpando. "Mwabwera kudzapepesa? Mwachedwa. Koma sindikudabwa. Mwana amaonetsa kumene anakulira. Ku Thuchila kumeneko mumaphunzitsa ana kuthamangitsa akulu ndi alonda?"

"A Bizwick, ine ndabwera ndi uthenga."

"Uthenga wa chiyani? Inu munazolowera kukuwira anthu m'minda ya azungu, ndiye mwana wanu watengera ukapitawo womwewo. Mukamuuze kuti akafuna kulowa m'banja lino, abwere agwade pano pa utuchi, anthu onse a pa Chonde akuona. Apo ayi, akwatiwe ndi bomalo."

Mapulena mkati anasiya kulira. A Harold anamva makutu akutentha. Mawu atatu aja anali pa lilime, koma kuwanena tsopano kukanamveka ngati kupempha, ndipo kapitawo sapempha pamaso pa anthu. Anamasula nsalu pang'onopang'ono, naika kabokosi pa desiki imene inali pakhondepo.

"Katundu wanu uyo."

Golden anayandikira. Anakazindikira asanakagwire.

"Amalume, ichi n'chiyani?" anafunsa akuyang'ana a Harold.

"Maso uli nawo."

"Ireen wapereka yekha?"

"Ndi manja ake awiri."

"Sananene kanthu? Palibe mawu?"

A Harold anayang'ana mnyamatayo, ndipo kwa kamphindi anamumvera chisoni. Koma a Bizwick anaseka kachiphwete ka mwano, ndipo chisonicho chinauma.

"Mawu anawamaliza kale malume akowa dzulo ku loji," anatero a Harold. Anakwera njinga, napalasa osacheuka. Mumtima ankati adzafotokoza bwino mkwiyo ukaphwa, mwina Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.

Golden anatsegula kabokosi. Mphete inali momwemo. Kenako analowa mkati, nayatsa foni yake. Mauthenga atatu a Ireen analowa motsatizana. Anaona mzere woyamba wokha, woti chinkhoswe sichichitika Loweruka, ndipo ukali unamuphimba maso. Anafufuta onse osawerenga, naimbira Brenda.

Pikapu yoyera inafika ola lisanathe, ngati inali itabisala kuseri kwa msika.

"Pepa, Golden," anatero Brenda, dzanja lili paphewa pake. "Ine ndinaona kale. Munthu amene wabweza mphete, madesiki angakusungire? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bambo ali ku Limbe lero kwa loya, mapepala ndi okonzeka."

"Tiye," anatero Golden.

A Bizwick, amene dzulo lomweli ankati alendo asapatsidwe mpata wa msomali, anangoti, "Pita, mwana wanga. Ukawaonetse a ku Thuchila kuti sitifa ndi njala."

* * *

Lachisanu masana ndime yachisanu ndi chiwiri inadutsa. Ireen anaiyankhira mafunso tsiku ndi theka mpaka mawu anasasa, ndipo pomaliza mkulu wa ku Tete uja anamugwira chanza n'kunena kuti akanakonda akanakhala wa kwawo. Mabedi, mayunifomu ndi zina zambiri zinatsegulidwa kwa onse, koma madesiki anatsala m'manja mwa eni dziko. Lumbiro linatha pamene atolankhani analowa.

Sanadikire ngakhale chithunzi cha gulu. Anathamangira minibasi, mumtima akukonza mmene amukalipire Golden kaye pang'ono asanamukhululukire.

Pa Chonde anapeza chikwangwani chakale cha shopu chili pansi, chotsamira khoma. Mkati, pa tebulo la Golden, panakhala Brenda akudinda mapepala. Chidindo chatsopano ankachitenga ndi kuchibwezera m'kabokosi ka mkungudza.

Ireen anaona mdima.

"Chotsa manja ako m'kabokosi ako."

"Aa, bwana," anatero Brenda. "Ndimayesa munakataya? Ine ndangokapezera ntchito."

Golden anatulukira kuseri, a Bizwick ali pambuyo pake. Amisiri anaimika ntchito.

"Mwabwera kudzatani, mayi?" anafunsa Golden.

"Mayi? Chabwino. Ndabwera kudzakuuza kuti madesiki ako ndawapulumutsa. Yatsa wailesi. Palibe kampani ya kunja idzakhome desiki ya sukulu ya boma m'dziko muno. Ndime imeneyo ndinailemba ine, ndaimenyera ine, ndipo malume akowa atatsala pang'ono kuipha Lachitatu, ndinaigula ndi chinkhoswe changa. Anandiuza kuti ndisankhe, kukhala chibwenzi chako sabata ino kapena kupulumutsa shopu yako. Ndinasankha shopu, n'kusainira boma kuti ndilibe chitomero ndi munthu, poganiza kuti mwamuna wanga angadikire miyezi ingapo. Amalume anga anakuuza zonsezi dzulo."

"Sanandiuze kanthu."

"Mawu atatu! Kuti sindikukukana, kuti usunge kabokosi, kuti usasaine kanthu mpaka lero!"

"Anangoti katundu wanu uyo."

Ireen anatembenukira kwa a Bizwick, ndipo mkuluyo anayamba kufunafuna chinachake m'thumba la jekete.

"Nanga mauthenga anga? Atatu, Golden. Ndinaona kuti afika."

Golden anayang'ana pansi.

"Ndinafufuta."

"Unafufuta." Ireen anaseka, koma sikunali kuseka. "Zaka zitatu tili pa chibwenzi, ndipo sunandipatse ngakhale mphindi ziwiri zowerenga. Chikwangwani chili pansi chifukwa chiyani?"

Golden anayang'ana kwa Brenda.

"Ndikufunsa iwe! Wasaina chiyani?"

"Gawo lalikulu la shopu," anatero Golden ndi mawu otsika. "Dzulo, ku Limbe. Ndi la bambo a Brenda tsopano."

Ireen anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndimeyo ankaidziwa pamtima, chifukwa liwu lililonse analisankha yekha kuti pasapezeke wozembera.

"Ukudziwa chimene wachita? Ndime imati shopu imene gawo lalikulu ndi la munthu wa kunja, ndi shopu ya kunja. Mashopu onse a m'boma lino apikisana nawo pa tenda ya madesiki, kupatula ino. Mpanda ndinamanga kuti ukutchinjirize, ndipo iwe wadumphira panja pake tsiku limodzi usanathe."

Mmodzi wa amisiri, bambo wa ana asanu, anavula chipewa n'kukhala pansi pa mulu wa matabwa. A Bizwick anayamba kunena kuti zonsezi ndi chifukwa cha a Harold, koma Golden anawakuwira koyamba m'moyo wake kuti akhale chete.

"Ireen," anatero, "ndibweza. Ndipita ku Limbe mawa, ndikawauze kuti ndasintha maganizo."

"Pepala silibwezedwa ngati mphete," anatero Brenda.

Onse anamuyang'ana. Nkhani yoipa chonchi, iye yekha ndi amene sanaoneke wodabwa. Anatseka kabokosi modekha, nakasisita pamwamba.

"Bambo anga si mwana pa malonda. Anadziwa kuti ndime yotere ikhoza kudutsa, ndipo anakonzeratu njira. Gawo lawo sangaligulitse, sangalibwezenso. Koma anati akhoza kulilemba m'dzina la mkamwini wawo, ngati mkamwiniyo ndi Mmalawi. Likatero, shopu ndi ya Mmalawi yonse, makina ali momwemo, tenda ndi yathu." Anamwetulira kwa Golden. "Mwana wamkazi ali naye mmodzi yekha. Ndipo ndamva kuti iwe ulibe chitomero ndi munthu. Bwanawa anasainira boma."

Kunja minibasi inkaitanira anthu a ku Limbe.

Ireen sanayang'ane Brenda. Anayang'ana Golden, kudikira liwu limodzi lokha, lalifupi, limene mwana wa zaka ziwiri amalidziwa. Akanati ayi pomwepo, bwenzi atamukhululukira zonse, mauthenga ofufutidwa ndi chikwangwani chomwe.

Golden anatsegula pakamwa. Kenako maso ake anapita kwa bambo uja anakhala pa matabwa, napita kwa amisiri ena asanu ndi mmodzi, mmodzimmodzi, ndipo pakamwa panatsekeka.

Ireen anawerenga mumtima mpaka khumi. Kenako anakoleka chikwama paphewa.

"Dzulo posaina fomu ija," anatero, "ndinkaopa kuti ndikunamiza boma. Zikomo, Golden. Wandichotsera mantha."

Anatuluka, nadutsa chikwangwani chogwa chija, naima m'mbali mwa msewu kudikira minibasi ya ku Thuchila, kumene azimayi, osauzidwa kanthu, anali akusefabe thobwa la mawa.